Galimoto Yopendekera kwa Azakhali

Bambo anga anagwira ntchito ya ufolomani pa zomangamanga mpaka imvi, ndipo anzawo ankawatcha a Levulo, dzina la chipangizo choyezera ngati khoma lawongoka. Dzinali analiyenera. Munthuyu sankapirira chinthu chopendekeka. Akalowa m'nyumba ya eni ake ankayamba awongola chithunzi cha pakhoma, moni n'kubwera pambuyo. Tebulo likamagwedera, chakudya sichinkatsika kukhosi mpaka atapinda kapepala n'kukaika kunsi kwa mwendo. Ife ana tinakula tikudziwa kuti kunama ndi tchimo, koma kupachika kalendala mokhota ndi tchimo lalikulupo.

Atapuma pa ntchito, kampani inawasiyira galimoto yomwe ankayendera poyang'anira ntchito. Chinali chimgalimoto chachitali, chobiriwira, cha matayala akuluakulu, tayala lina litapachikidwa kumbuyo. Chinali chitayenda m'matope, mumchenga, m'madambo, chitanyamula simenti ndi anthu osasamba kwa zaka zosawerengeka. Bambo ankachitcha Njati. M'mawa uliwonse ankadzuka n'kuitsuka ndi paipi, pamwamba ndi pansi pomwe, akuimba nyimbo zapakhosi. Akamaliza ankatulutsa kachitini ka penti ndi kaburashi, n'kumayenda mozungulira, akudontheza penti paliponse pamene paoneka kachiphuphu kofiirira. Amayi ankati akanakhala kuti iwo amasamalidwa choncho bwenzi akuoneka ngati namwali.

Mu Njati aliyense anali ndi mpando wake, ndipo sunkasintha. Bambo pa chiwongolero, amayi pambali pawo, ine kumbuyo kwa bambo, ndipo kumbuyo kwa amayi kunkakhala azakhali.

Azakhaliwa anali mlongo wawo wa bambo, wamng'ono kwa iwo, mayi wamasiye wosoka zovala. Ankakhala msewu wachiwiri kuchokera kwathu, m'kanyumba kodzaza ndi zidutswa za nsalu. Mulungu powapatsa thupi sanaumire. Ankakhala pa makina tsiku lonse, kapu ya tiyi mbali ino, buledi mbali inayo, ndipo akaseka magalasi a mawindo ankanjenjemera. Amayi anga ndi munthu wochepa thupi, wouma ngati ndodo ya tsache, wolankhula pang'ono koma mobaya. Awiriwa ankatchulana kuti alamu mwaulemu wonse, ankapatsana mphatso, ankayenderana pa matenda, koma aliyense ankasunga mumtima mndandanda wa zomwe mnzake ananena chaka chakuti.

Woyamba kuona kuti Njati yapendekeka ndinali ine. Tsiku lina tikuchokera kumsika, malalanje anatuluka m'jumbo n'kugubudukira onse mbali imodzi, kukasonkhana pa mapazi a azakhali. Msewu unali wosalala. Titafika kunyumba ndinaima kumbuyo kwa galimoto n'kuiyang'ana bwino. Inali itagwa phewa limodzi ngati munthu wonyamula ndowa yodzaza.

Nditawauza bambo, anandiyang'ana ngati ndatukwana. Analowa m'nyumba, natuluka ndi levulo yawo yakale, naiika pamwamba pa galimoto. Kathovu ka mu levulo sikanachite manyazi. Kanathamangira kumapeto n'kukakhala komweko.

Bambo anati vuto ndi bwalo, lapendekeka. Ndinawakumbutsa kuti bwalolo anawaka okha, ndipo kwa zaka zambiri akhala akuitana alendo kudzaona mmene linakhalira mwa myaa. Anasinkhasinkha, naona kuti kunyoza bwalo n'kudzinyoza okha. Anatulutsa galimoto kukaiimika pamsewu. Kathovu kanakhala pomwe paja. Anatembenuza galimoto kuloza kwina. Pomwe paja. Anapopa tayala la mbali imeneyo mpaka linauma gwa ngati mwala, koma Njati sinadzuke.

Madzulo a tsikulo tikumwa tiyi, amayi anathira mkaka m'kapu mwawo modekha, nanena ngati akulankhula ndi supuni:

"Chitsulo nacho chimatopa. Inu mukuyang'ana bwalo, mukuyang'ana matayala. Bwanji osayang'ana amene amakhala mbali imeneyo?"

Ndinayembekeza kuti bambo akalipa, chifukwa mlongo wawo ankamukonda. Koma anangopitiriza kutakasa tiyi, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumasuka pang'onopang'ono ngati munthu amene dokotala wamuuza kuti si matenda oopsa. Njati sinali yodwala. Inali yongolemedwa.

Kuyambira pamenepo bambo anayamba mapulani. Lamlungu lotsatira, popita kutchalitchi, anauza azakhali kuti asinthane mpando ndi ine, ati mbali yawoyo kumawomba dzuwa. Azakhali anati dzuwalo akhala nalo zaka zonsezi ndipo anazolowerana. Sabata ina anawapempha kuti akhale pakati, ati kuti azimvana bwino pocheza. Azakhali anakhala pakati, ine n'kufinyikira ku chitseko ngati kalata, koma galimoto inapendekekabe mbali yake yomwe ija. Kenako bambo anaika thumba la mchenga kumbuyo, mbali yanga. Azakhali atafunsa za thumbalo, bambo anati akufuna kukonza sitepe. Thumba lija linayenda nafe mwezi wathunthu, kutchalitchi, kumsika, kumaliro, sitepe osakonzedwa.

Azakhali si mwana. Tsiku lina ndinapita kwawo kukayesa diresi yomwe ankandisokera. Anandiimika pakati pa chipinda, nayamba kubaya mapini m'chiuno, m'mapewa, m'khwapa, ena atawaluma pakamwa. Atandizinga ndi mapini mbali zonse kuti ndisathe ngakhale kupuma mozama, anandifunsa kuti thumba la mchenga lija n'lachiyani. Munthu sunganame uli ndi mapini m'khwapa. Ndinaulula zonse, za malalanje, za levulo, ndi mawu a amayi aja, ngakhale ndinayesetsa kuwathira shuga.

Sanakalipe. Anachotsa mapini pakamwa imodziimodzi n'kuwabaya pa kapilo kawo. Anati diresi ndikatenge Lachisanu.

Lamlungu titaima pakhomo pawo n'kuliza hutala, panali loko. Tinawapeza panjira, atavala diresi yawo yamaluwa, ambulera kumanja, chikwama kumanzere, akuyenda pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu. Bambo anaimitsa galimoto n'kutsitsa galasi.

"Achemwali, kwerani. Mwatani kodi?"

"Pitani, achimwene," anayankha mwaulemu, osaima n'komwe. "Ndingakuthyolereni."

Bambo anayendetsa galimoto pambali pawo kamtunda ndithu, akuchonderera kudzera pawindo, magalimoto ena akuliza mahutala kumbuyo. Azakhali anangotembenuza ambulera n'kuwatchinga. Anafika kutchalitchi ulaliki uli pakati, nakhala pa benchi lakumbuyo, napuma mokweza moti abusa anaima kaye n'kuyang'ana. Amayi anati zimenezo n'zamasiku awiri, mawondo awabweza okha.

Mawondo sanawabweze. Azakhali anayenda Lamlungu limenelo, ndi linzake, ndi linzakenso. Kenako anayamba kuyenda ngakhale masiku wamba, m'mawa asanatsegule makina, mwaukali, ngati munthu wopita kukamenya wina. Buledi anamuchepetsa. Anagula nsapato zothamangira, zoyera, n'kumazivala ndi madiresi awo amaluwa. Anthu a mumsewu wathu poyamba ankaseka, kenako anayamba kuwapatsa moni wa ulemu, ndipo amayi ena awiri anayamba kuwatsatira. Patapita miyezi, azakhali anayamba kubweza madiresi awo omwe. Kwathu ankabwerabe, n'kumacheza bwinobwino, koma akamadutsa pabwalo ankailambalala Njati patali, ati kuopa kuti mphepo yawo ingaigwetse.

Koma Njati sinadzuke. Inapendekekerabe, ndipo tsopano inayamba kulankhula. Pa kabampu kalikonse kumbuyo kunkamveka gu, kenako kwiii, ngati wina akutsegula chitseko cha nyumba yosiyidwa. Tikakhota, galimoto yonse inkatsamira ngati bwato, amayi n'kugwira chitseko ndi manja awiri. Ikaima usiku pabwalo, m'mawa pansi pake pankapezeka tizinyenyeswa tofiirira, ngati wina amadyerapo bisiketi. Bambo ankadzuka msanga kukasesa tisanaone.

Ndinawafunsa kuti nanga azakhali poti anasiya kukwera, bwanji galimoto sikuwongoka. Anati galimoto ili ngati matiresi, imasunga malo a munthu. Amayi anavomereza, ati chomwe chapindika chapindika. Za phokoso lija, bambo anapeza mankhwala ake: ankakweza wailesi. Phokoso likakula, wailesi inkakulanso, mpaka tinkafika kutchalitchi makutu ali ngwee, titamva zotsatira za mpira zonse.

Panjira yathu panali galaja ya mnzawo wakalekale wa bambo, amene aliyense ankamutcha a Gilisi. Anakulira limodzi, ndipo ankanyozana ngati ana mpaka ukalamba. Tikamadutsa, a Gilisi ankatuluka n'kupendeketsa mutu kutsanzira galimoto, akukodola ndi sipanala kuti bambo ailowetse pa dzenje loonera pansi. Bambo ankangokweza dzanja. Atakumana kumaliro ena, a Gilisi anawauza kuti galimotoyo ikuwola pansi, iwo akuimva fungo ikamadutsa. Bambo anayankha kuti munthu wabwinobwino sapita kuchipatala, chifukwa madokotala salephera kupeza kanthu. Kuyambira tsiku limenelo tinayamba kudzera njira ina, yozungulira, ya mabampu ambiri.

Tsiku lina ndolo yanga inagwa m'galimoto tikuyenda. Ndinawerama, ndinatukula kapeti ya pa mpando wa azakhali, ndipo ndinaona msewu. Unali kuthamanga pansi panga, timiyala ndi mizere yoyera, kudzera pa bowo loti n'kulowa mbale. M'mphepete mwa bowolo chitsulo chinali chitayoyoka ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi. Ndinakuwa. Bambo anachepetsa wailesi, namvetsera, nati aona. Mawa lake pabowopo panali thabwa locheka bwino, lokhala mwa levulo, kapeti itabwezedwa pamwamba. Nkhani inathera pomwepo.

Kenako mkazi wa achimwene anga anachira, mwana wamkazi, mdzukulu woyamba wa bambo ndi amayi. Chipatala chake chinali kutsidya lina la tauni, kutali koti ngakhale azakhali ndi nsapato zawo zoyera sakanafika nthawi yoonera odwala isanathe. Iwo anali atasoka tizovala ta mwana todzaza chikwama, ndipo zinali zosatheka kuti atsale. Bambo anavala jekete napita okha kukawapempha. Ine ndinawaperekeza, chifukwa zoterezi siziphonyedwa.

Azakhali anawasiya bambo alankhule mpaka mawu anawathera. Kenako anadula ulusi ndi mano, nati akwera, koma pa mfundo imodzi: akhala kutsogolo. Kumbuyo kuja anamva kuti n'kofooka, kukufunika munthu wopepuka.

Amayi atamva anati mpando wakutsogolo ndi wa mkazi wa mwini galimoto, ndipo sanauchokepo chikwatiwire. Bambo anawakumbutsa kuti nthawi ikupita, mdzukulu akudikira. Amayi anayang'ana wotchi, nayang'ana bambo, natenga fulasiki ya tiyi ndi beseni latsopano la mwana, nakakhala kumbuyo, pa mpando wa azakhali, msana uli chilili, osagunda ndi chotsamira chomwe. Azakhali anakwera kutsogolo mopepuka, namanga lamba, nadabwa mokweza kuti lambayo watsala wambiri chonchi. Anatembenuka n'kufunsa amayi ngati akhala bwino. Amayi anati akhala bwino kwambiri, zikomo alamu.

Ulendo wonse bambo anayendetsa mosamala ngati anyamula mazira. Wailesi sanatsegule, poopa kuoneka ngati akubisa kanthu, choncho tonse tinamva bwinobwino gu ndi kwiii aliyense. Azakhali ankang'ung'udza nyimbo motsatira phokosolo.

Pa geti la chipatala panali bampu lalitali, lopakidwa mizere yachikasu. Bambo anachepetsa liwiro mpaka kutsala pang'ono kuima. Matayala akutsogolo anakwera, natsika. Akumbuyo anakwera. Potsika panamveka phokoso lomwe sindinalimvepo, ngati mtengo waukulu ukuthyoka, kenako khwaa, ndipo ngodya yonse ya galimoto inakhala pansi. Tayala linalowa m'thupi la galimoto. Chisipuling'i chinaboola pansi n'kutulukira m'kati, kuseri kwa mpando, chikunjenjemera, fumbi lofiira lili koboo. Thabwa la bambo lija linathyoka pakati. Mpando unatitimira chammbali, ndipo amayi anatitimira nawo, mawondo kufika pachibwano, beseni litawavundikira kumutu. Dzanja limodzi lokha linatsala m'mwamba, litagwira fulasiki. Tiyi sanatayike ngakhale dontho.

Kenako pansi pa beseni panatuluka mawu a amayi, odekha, ofunsa ngati tafika.

Ndinawachotsa beseni, ndinawagwiragwira miyendo. Sanavulale paliponse, kungoti anali atapanikizika ngati chivindikiro cha botolo. Azakhali anamasula lamba, natembenuka, nawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumawondo. Atatsimikiza kuti mlamu wawo ali bwino, anapukusa mutu mwachisoni.

"Alamu," anatero, "kodi masiku ano mukumadya chiyani?"

Alonda a pa geti ataona galimoto yagwa pakhomo pa chipatala, munthu ali m'kati miyendo m'mwamba, sanafunse zambiri. Anathamanga ndi njinga ya odwala. Chitseko cha mbali imeneyo chinakana kutseguka, ndiye alondawo anawatulutsira amayi mbali yanga, mlonda mmodzi atagwira m'khwapa, wina miyendo. Amayi ankanena kuti sakudwala, abwera kudzaona mdzukulu, koma alondawo anati odwala onse amatero. Anawakhazika pa njinga. Azakhali anawauza anyamatawo kuti asavutike, awakankha okha, poti masiku ano mphamvu ali nazo. Ndipo anawakankhadi, kudutsa m'khonde lonse la chipatala, nsapato zoyera zikulira pa simenti, akupereka moni kwa aliyense, amayi atakhala chiwongokere, fulasiki pamiyendo, maso kutsogolo. Umu ndi mmene mdzukulu anaonera agogo ake koyamba.

Bambo anatsala pa geti. Galimoto inali itatseka njira, ndipo panafunika amuna ambiri kuti aikankhire pambali, ikukhukhuluza pansi n'kusiya mzere wofiira. Atabwera kudzaona mwana, malaya ali fumbi lokhalokha, anamunyamula, namuyang'ana nthawi yaitali, nati mutu wake wakhala bwino, mbali zonse n'zofanana. Kwa bambo amenewo anali mawu achikondi chachikulu.

Bambo anaimbira foni a Gilisi iwo eni. Sindikudziwa zomwe anakambirana, koma a Gilisi anabwera ndi lole yokokera, ndipo sanaseke ngakhale pang'ono, zomwe ndikuganiza kuti zinawapweteka bambo kuposa kusekedwa.

Mawa lake tinapita ku galaja, bambo, ine ndi azakhali, amene anati nawo mlanduwu ukuwakhudza. Amayi anati mutu ukuwawawa. Njati inali itaimikidwa pamwamba pa dzenje, ngodya yogwa ija itachirikizidwa ndi jeke ndi zipika. A Gilisi anatsika ndi tochi, bambo pambuyo. Azakhali anakwinya diresi natsika nawo masitepe amafutawo, ambulera m'manja. A Gilisi anafuna kuwaletsa, koma atawayang'ana kumaso anangowapatsa njira. Ine ndinasuzumira ndili pamwamba.

Pansi pa Njati panalibe chobiriwira. Zonse zinali zofiira, zotupa, zosendeka ngati khungwa la mtengo wakufa. A Gilisi anaunika pamene sipuling'i imakhazikika, napeza kuti palibenso pokhazikika, pangotsala dzenje la mano ngati a macheka. Anaonetsa chitsulo chachikulu chomwe chimanyamula galimoto yonse, nati m'kati mwake munadzaza matope ndi simenti kuyambira kale, ndipo madzi a m'mawa uliwonse aja ankalowa n'kukhala momwemo osauma. Dzimbiri linayamba kudya kuchokera m'kati. Penti ya bambo inkangodzoza pakhungu. Chikomekome cha mkuyu, anatero a Gilisi, osamaliza mwambiwo.

Azakhali anafunsa ngati kulemera kwa munthu kungachititse zimenezi. A Gilisi anati galimoto imeneyi inapangidwa kuti inyamule matumba a simenti; mmene yafikiramu, ngakhale nkhuku ikanakhala pa mpandowo ikanagwa nayo. Azakhali anapempha kuti abwereze mawuwo pang'onopang'ono kuti akawafikitse bwino kunyumba. Kenako anatukula ambulera yawo, nagunda chitsulo chachikulu chija ndi nsonga yake, mongoyesa. Nsonga inalowa yonse. Dzimbiri linayoyokera pa dazi la bambo ngati tsabola.

Bambo sanadzipukute. Anafunsa motsitsa mawu ngati n'zotheka kuwotcherera.

"Ndiwotcherera pa chiyani, mnzanga?" anatero a Gilisi. "Moto umafuna chitsulo. Ndikagwira apa, pathyoka apo. Dzulo inagwa ikukwawa pa geti. Tsiku lina idzagwa ikuthamanga, mdzukulu ali m'kati."

Atatuluka m'dzenjemo bambo anakakhala pa tayala lakale kuseri kwa galaja. Azakhali anawatsatira, nakhala pa tayala lina. Ine ndinaima chapatali, koma osati patali poti n'kusamva. Bambo anati dzimbirilo analiona kalekale, tsiku lina atagwada kuti amange waya, ndipo anadzuka msanga n'kudziuza kuti sanaone kanthu. Anati anzawo onse a kuntchito anabalalika, ena anamwalira, nyumba zomwe anamanga zina zikugwetsedwa kuti amange zazitali. Chomwe chinatsala choti akachigwira n'kukumbuka kuti anali munthu wa ntchito chinali galimotoyi. Mawu a amayi aja atabwera, anawagwira ndi manja awiri.

"Ndinakulakwirani, achemwali. Ndinasankha chitsulo."

Azakhali anatulutsa kansalu m'chikwama nayamba kuwapukuta dazi, mwamphamvu pang'ono kuposa mmene zinkafunikira. Anati masiku oyamba aja ankalira panjira, thukuta n'kumabisa misozi. Koma tsopano mawondo anasiya kuwawa, kugona akugona bwino, ndipo dokotala wachepetsa mapiritsi awo. Choncho sakudziwa ngati awakhululukire kapena awathokoze, ndipo pamene akuganizira, bambo azibwera m'mawa uliwonse kudzayenda nawo, poti tsopano galimoto alibe ndipo kamimba kayamba kuoneka. Bambo anayang'ana pamimba pawo, navomera.

Kunyumba amayi anali atakonza kale mbali yawo. Anati iwo anali kunena kuyambira kale kuti galimotoyo ipite kwa makaniko, koma m'nyumba muno mkazi samveredwa. Titawakumbutsa mawu a pa tiyi aja, anati iwo anangofunsa funso, ndipo funso si mlandu. Kupepesa sanapepese. Koma patapita masiku anagula nsalu yodula, yomwe sankaifuna n'komwe, napita nayo kwa azakhali kuti awasokere. Anakhalako masana onse, ndipo podutsa ndinamva kuseka kwa anthu awiri. Diresiyo itatha inali yokongola, koma m'chiuno inali yaikulu moonekeratu. Azakhali anati asiya malo, poti munthu sadziwa za mawa. Amayi amaivala ndi lamba.

Njati inakhala ku galaja milungu ingapo, bambo akukana aliyense wofuna kuiphwasula. Kenako kunabwera mkulu wina wa malo ochekera matabwa kunja kwa tauni, amene ankafuna injini yoyendetsera macheka ake. Iyeyo thupi la galimoto analibe nalo ntchito. Analiza injini, namvetsera atatseka maso, nati sanamvepo injini yakale yolira mosalala chonchi, ndipo amene ankaisamala ndi munthu wodziwa. Bambo anakhosomola, nayang'ana kumbali. Tsiku lomwelo anavomera.

Anapita okha kukaona poikhazika. Anakana maziko omwe anyamata a pamalopo anakonza, nawagumulitsa, nawaka ena iwo eni. Mpaka pano Loweruka lililonse amakwera basi kupita kumeneko. Mwini malo anawaikira mpando pansi pa shedi, pafupi ndi mulu wa utuchi. Amakhala pamenepo injini ikubangula, osamva chilichonse chimene munthu angawauze, akudzudzula anyamata ndi manja akaona oilo wadetsedwa. Amabwera madzulo tsitsi la m'mbali lili mbuu ndi utuchi, atanyamula tizidutswa ta matabwa tomwe amatola kumeneko. Akupangira mdzukulu wawo kampando, ndipo akuti akamaliza kameneko ayamba kabedi.